Mayi akamafunsa mwana amene adamwalira kale, muwayankhe bwanji?

Mayi anga amayamba kufunsa dzuwa likapendeka. M'mawa amakhala bwinobwino: amasenda mtedza pakhonde, amakalipira nkhuku, mwinanso kuyimba nyimbo za ku Chigwirizano osaphonya ndime ngakhale imodzi. Koma mthunzi wa chigafa ukangofika pamtondo, cha m'ma 4 koloko, amatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Kodi mlongo wako waimba lero?"

Alongo angawo adamwalira ku Joni. Mtembo udabwera pagalimoto, kudutsa Zimbabwe ndi Tete, ndipo tidawaika kumanda a kwathu kuno kufupi ndi Santhe. Mayi adalipo. Adagona m'nyumba ya siwa, adalira mpaka mawu kusasa. Kungoti mutu wawo susunganso zatsopano. Dzina la ng'ombe ya agogo athu amalidziwa, nyimbo za pachinamwali chawo amazikumbukira, koma maliro a mwana wawo adafufutika ngati choko pabolodi. Miyezi yoyambirira tinkawauza zoona tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse maliro ankayambiranso m'nyumba mwathu. Odutsa panjira ankaima n'kufunsa kuti kwagwanji.

Ndiye mwana wanga wachisamba, amene akuphunzira za makompyuta ku Lilongwe, adabwera pa holide ndi nzeru yake. Adati, "Amayi, ma voice note a amalume alipo ambiri pa WhatsApp. Masiku ano AI, mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu, imatenga mawu a munthu n'kumayankhula nawo chilichonse. Agogo azilandira foni Lamulungu lililonse, azicheza ndi amalume, ndipo sadzadziwa." Mwanayo sankanama. Kampani ya Microsoft idalengeza mu Januwale 2023 za pulogalamu yotsanzira mawu a munthu itangomva masekondi 3 okha, ndipo pano mapulogalamu otere ali mbwee pa intaneti. Usiku womwewo adayesa pa laputopu yake n'kundimvetsera chiganizo chimodzi. Thupi lidachita tsemwe. Anali alongo anga ndithu, ndi kakokedwe kawo ka mawu komwe.

Sitidachite, ngakhale tidatsala pang'ono. Ndikulemba njira imene tidayenda chifukwa kuno ku Kasungu nyumba zokhala ndi nkhalamba yoiwalaiwala komanso mwana ku Joni ndi zambiri, ndipo nzeru ya mwana wangayi ifika m'nyumba zina posachedwa.

Yambani ndi chipatala ndi amfumu

Apa ndidutsapo msanga. Munthu wamkulu akasokonekera mwadzidzidzi, masiku awiri atatu, mwina ndi malungo, shuga, matenda a m'chikhodzodzo kapena mankhwala amene akumwa, ndipo zimenezo kuchipatala amathandiza. Kuiwala kumene madokotala amati dementia kumabwera pang'onopang'ono, miyezi mpaka zaka. Ndi matenda a ubongo, si ufiti. Ndikunena izi chifukwa mayi atayamba kuyankhula okha ndi kutuluka panja usiku, manong'onong'o adayamba pamjigo, ndipo tonse tikudziwa zimene zimagwera nkhalamba m'dziko muno manong'onong'o otere akakula. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma musadikire kufika kupolisi. Tengani buku la kuchipatala, pitani nalo kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo, muwafotokozere kudakali bata.

Siyanitsani chinyengo chodzaululika ndi chosadzaululika

Ife olima chinyengo timachidziwa. Thumba la feteleza wosakaniza ndi mchenga limalemera chimodzimodzi ndi lenileni. Chimanga cha m'nkhokwe akachipaka utoto n'kuchiika m'paketi chimaoneka ngati mbewu ya haibulidi. Tsiku logula umabwerera kunyumba ukusangalala mofanana ndi mnzako amene wagula zenizeni, koma Febuluwale akafika munda umanena wokha. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu ambiri nditawafotokozera za foniyo adandiyankha mwa mtundu umenewu. Nanga akadzazindikira? Nanga kamdzukulu kena kakadzaulula? Mafunso amenewa muwafunse, ndipo ngati mpata woti munthuyo adzatulukira ulipo, lekerani pomwepo. Kudziwa kuti ana ako adakuseweretsa ndi mawu a malemu n'kowawa kuposa maliro enieniwo. Koma mwana wanga adandipanikiza pomwepa. "Amayi, agogo sakumbukira chimene adya masana. Nkhuyu imeneyi sadzaing'amba." Ankanena zoona, ndipo ndidasowa poponda. Ngati munthu sadzadziwa mpaka kumanda, kodi walandidwa kanthu? Mukafika pa funso limeneli musalithawe pobwerera ku nkhani ya feteleza, chifukwa si limodzi.

Dzifunseni nokha musanasankhire wina

Mwana yemweyo ndiye adandiwerengera pa foni yake za fanizo la makina, pofuna kundionetsa kuti nkhaniyi anthu ophunzira adaikambirana kale. Mu 1974 Robert Nozick, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya Harvard ku America, adati tiyerekeze kuti akatswiri a ubongo apanga makina oti akakulumikiza mawaya kumutu, thupi lako likungoyandama m'thanki, umaona ndi kumva chilichonse chimene ukufuna, osadziwa n'komwe kuti uli m'makina. Umasankha moyo wa zaka 2, zikatha umatuluka kanthawi kukasankha wa zaka 2 zotsatira, n'kubwereramo. Ungalowe? Nozick ankakhulupirira kuti ambiri tingakane. Adati munthu amafuna kuchita zinthu, osati kungomva ngati wazichita. Amafuna kukhala munthu wakutiwakuti, osati chinthu choyandama m'thanki. Ndipo safuna kutsekeredwa m'dziko longopangidwa ndi anthu anzake. Ankatsutsa maganizo onga a wafilosofi Jeremy Bentham wa ku England, akuti ubwino wa moyo umayezedwa ndi chisangalalo ndi ululu zimene munthu akumva, basi.

Za thanki ndi mawaya sizidandigwire mtima mpaka nditalitembenuza fanizolo kukhala la kwathu, ndipo inunso mutero. Khalani pansi ndi abale anu, aliyense ayankhe za iye mwini. Ine ndidayamba ndi amuna anga. Ndidati, "Abambo, atakuuzani kuti mugone m'makina, muziona mabelo anu onse akugulidwa pamtengo wapamwamba ku Chinkhoma, lobwezedwa osakhalapo ngakhale limodzi, ana onse afika ku yunivesite, ine sindikukalipa, mpaka tsiku la imfa, mungalowe?" Adaseka, adati zoti ine sindikukalipazo ndiye angadziwiretu kuti ndi maloto. Kenako adakhala chete, n'kufunsa kuti, "Nanga ana enieniwo azidya chiyani?" Ndidati tiyerekeze nawonso ali m'makina awo, akusangalala. Adapukusa mutu. "Ndiye kuti palibenso bambo wa wina aliyense." Mawu amenewo adandithandiza kuposa a Nozick.

Komabe musafulumire kudziombera m'manja. Achemwali anga aakulu adati iwo angalowe lero lomwe, msana wawapweteka mokwanira, ndipo adatikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa iwo chimene munthu akumva ndicho chake, zotsalazo ndi za oonerera. Sindiwayesa opusa. Mwana wanga adawaikira kumbuyo ndi kafukufuku amene wafilosofi Felipe De Brigard adafalitsa mu 2010. Iyeyu adalitembenuza funsolo: adauza ophunzira kuti ayerekeze kuti moyo umene ali nawo panopa ndiwo wa m'makina, ndipo apatsidwa mwayi wotuluka. Amene adauzidwa kuti kunjako ndi akaidi, ambiri adasankha kukhalabe m'makina. Ngakhale amene adauzidwa kuti kunjako ndi anthu olemera a ku Monaco adagawanika pakati. Ndiye kuti mbali ina ya kukana kwathu ndi kungoopa kusiya zimene tazolowera. Choncho mtima wanu ukanyansidwa ndi foni yabodza, ufunseni kuti wanyansidwa ndi chiyani, bodzalo kapena chachilendocho. Agogo athu ankakana kujambulidwa chithunzi, lero chithunzi chimodzi chimene adalola tikuchilimbirana. Wanga nditaufunsa, udandiyankha kuti zonse ziwiri, ndipo ndidayenera kupeta kuti mankhusu a mantha achoke ndione chotsala.

Funsani chimene munthuyo ankafuna mutu uli bwino

Apa ndi pamene ndidakhalitsa, ndipo ndi pamene nkhani yathu idathera.

Mayi akamafunsa kuti "waimba?" sakufuna phokoso la m'khutu. Ndikudziwa chifukwa ndidakhala nawo zaka zonse alongo anga ali ku Joni. Foni ikalira ankafunsa zinthu zitatu zomwezomwezo: wadya, ukupemphera, ubwera liti. Akamaliza ankandibwezera foniyo n'kunena kuti, "Ali moyo, akundikumbuka." Mawu a pa foni anali ngati utsi umene umaona patsindwi la mnzako m'mawa, umadziwa kuti mkatimo mwadzuka munthu. Iwo ankasangalalira munthuyo. Laputopu ikadafukiza utsi patsindwi la nyumba imene mwini wake adagona kumanda.

Thomas Nagel, wafilosofi winanso wa ku America, adalemba mu 1970 za munthu amene anzake amamupereka ndi kumuseka kumbali, pamaso akumuchitira ulemu, iye osadziwa. Kodi tinganene kuti palibe choipa chamugwera? Ife kumudzi yankho tili nalo kale. Bambo amene mkazi wake akumuzembera, mudzi wonse ukudziwa, iye akuyimba likhweru popita kudimba, timamumvera chisoni. Palibe amene amamusirira, ndipo palibe mayi angafunire mwana wake chisangalalo cha mtundu umenewo. Mfundo ya Nagel inali yakuti kutulukira kuti waperekedwa kumawawa chifukwa kuperekedwako n'koipa kale, sikuti kumayamba kuipa tsiku limene wadziwa.

Ndiye chitani chonchi. Mukumbukireni munthuyo ali ndi mphamvu zake, muyerekeze kuti mukumufunsa pamaso, ndipo funsolo mulinene mokweza, lonse, osalikongoletsa. Ine ndidawaona mayi m'maganizo ali ndi zaka 60, atavala yunifolomu ya Chigwirizano, ndikuwauza kuti, "Amayi, mukadzakalamba, mwana wanu akadzamwalira, tidzapanga mawu ake pa kompyuta kuti muzimuuza zakukhosi Lamulungu lililonse." Mbama imene ndikadalandira ndikuidziwa. Mayi ndi munthu amene adabwerera kumsika atayenda kale theka la njira kukabweza chenje chimene wogulitsa adapyoletsa. Ndi munthu amene ankatimenya tikamatsanzira mayendedwe a malemu agogo. Mayi ena sali choncho. Alipo amene angati, "Mwanangu, chilichonse chondichotsera ululu, chita," ndipo pamenepo nkhani isintha, chifukwa mwini moyo waloleza. Yankho la mayi anu mukulidziwa ndinu. Chimene ndikukana ine ndi kusafunsa n'komwe, n'kumati poti sadziwa ndiye zatha. Ndipo ngati makolo anu mutu udakali bwino, afunseni sabata ino pa nkhomaliro, adzakusekani koma adzayankha.

Palinso mbali ina imene mwana wanga sadaiganize, ndipo inenso ndidaiona mochedwa. Pa foni munthu samangomva, amayankhulanso. Mayi akadauza mwana wawo kuti bondo likuwawa, kuti wakutiwakuti wawayankhula mwachipongwe, kuti usiku amupempherera. Mawu amenewo akadapita kuti? Kwa mdzukulu wobisala kuseri kwa nkhokwe akutaipa mayankho, kapena ku kompyuta ya kampani ina kutsidya kwa nyanja. Nkhalamba ikupereka madalitso ake omaliza, wolandira palibe. Kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Foni imeneyo ikadawasiya mayi ali okha akuyesa ali awiri, ndipo owaika pamenepo tikadakhala ife, ana awo, Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi.

Musaiwalenso kuti mawu a malemu si anu nokha. Alongo anga adasiya mkazi ndi ana. Alamu anga nditawaimbira adangoti, "Ana anga adzamve bambo awo akunena zimene sadanene?" Komanso mawu akangopangidwa amatha kunena chilichonse, kuphatikizapo "tumizani ndalama pa Airtel Money" kapena "pa Mpamba". Akuba m'maiko ena adayamba kale kubera anthu ndi mawu otsanzira a abale awo. Atsibweni athu, eni mbumba, atamva zimenezi adalamula kuti chimene chidapangidwa pa laputopu chija chifufutidwe iwo akuona.

Chofanizira chimene munthu akuchidziwa si chinyengo

Musanditenge ngati wodana ndi zamakono. Anyamata a pa Santhe amakuwa m'chisakasa cha video show ngati ali ku Manchester, ndipo chisangalalo chawo sindichiyesa chabodza. Akudziwa pamene ali, alipira okha pakhomo, mpira ukatha atuluka. Wafilosofi David Chalmers wa ku Australia adalemba mu 2022 kuti moyo wa m'maiko a pa kompyuta ukhoza kukhala watanthauzo, ndipo adausiyanitsa ndi makina a Nozick ponena kuti mmenemo munthu amasankha yekha zochita, komanso amakumana ndi anthu enieni. Mu 2020 kanema wa MBC ya ku South Korea, osati yathu ino, adaonetsa mayi atavala magalasi a VR, amene amaonetsa zinthu za pa kompyuta ngati zili pamaso pako, akukumana ndi chifaniziro cha mwana wake wamkazi amene adamwalira ali ndi zaka 7. Mayiyo adalira, adatambasula manja kuti amukhudze. Anthu adatsutsana ngati zinali zoyenera kuonetsa, koma magalasiwo adavala akudziwa, ndipo adawavula.

Chimenecho ndicho muyeso wosavuta umene ndimapatsa anzanga akandifunsa: kodi munthuyo angathe kuvula magalasi akafuna? Mayi sakadatha. Sakadadziwa n'komwe kuti avekedwa.

Zimene timachita madzulo

Kukana foni sikudathetse funso la 4 koloko. Tidaphunzira zotsatirazi mwa kulakwitsa.

Odwala matendawa ambiri amavutika kwambiri dzuwa likamalowa, choncho timalitsogolera. Cha m'ma 3 koloko ndimawapatsa lichero la nyemba kuti asankhe, kapena chimanga choti atonole, ndi kapu ya tiyi. Nyale ya sola timayatsa kusanade, chifukwa mdima wa chisisira umawasokoneza. Masiku ena funsolo silibwera n'komwe.

Likabwera, ndimayankha zoona zimene angathe kunyamula. "Lero sanaimbe, amayi." Si bodza. Kenako ndimatsatira mtima umene watulutsa funsolo: "Mwamusowa, eti? Tandiuzeninso za tsiku lija adagwa mumtengo wa mango." Zakale zili bwinobwino m'mutu mwawo, ndipo akayamba kusimba amaseka, amandikonza ndikalakwitsa dzina la mnzake amene adamukankha. Akafunsa kuti ali kuti, ndimati, "Ali m'manja mwa Mulungu, amayi." Masiku ena amamva tanthauzo lake n'kugwetsa nkhope, masiku ena amangoti ameni.

Akafunsa molunjika kuti, "Kodi adamwalira?" ndimawauza. Ndimakhala pansi pambali pawo, ndimagwira dzanja, ndimati, "Inde amayi, adatisiya, ndipo munalipo, munamuperekeza bwino." Za chipatala cha ku Joni ndi za ulendo wa mtembo sindizitchula. Ndaona kuti tsiku limene afunsa motere amakhala akudziwa kale chapansipansi, ndipo kuwakanira kumawasautsa kuposa kuwavomera. Chimene tidasiya ndi kuwakumbutsa imfayo iwo asanafunse. Mayi ali ndi ufulu womulira mwana wawo, koma sitiyenera kuwagwetsera maliro atsopano tsiku ndi tsiku pofuna kuti ife tioneke olungama.

Ndipo timawamvetsera ma voice note enieni. Ngati muli nawo a m'bale amene adamwalira, akopereni lero pa memory card, makamaka pawiri, chifukwa foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa apita. Amvetsereni nokha kaye n'kusankha. Ife tidapatula onse amene alongo anga ankati "ndibwera mwezi wamawa", chifukwa tsiku lina mayi atamva zimenezo adakhala kumsewu mpaka usiku. Foni musaiike kukhutu kwawo ngati wina waimba. Ikani pa sipika, khalani nawo, ndipo nenani chimene chili: "Tamverani uthenga umene adakutumizirani pa Khirisimasi ija." Yang'anani nkhope. Ikayamba kuda, zimitsani, musakakamize kuti uthe. Si za tsiku lililonse, ife mwina kawiri pa sabata.

Chomaliza pa izi, gwirizanani yankho limodzi banja lonse, ndi ana omwe, ndi anansi amene amabwera kudzapala moto. Mmodzi akamati ali ku Joni, wina akamati ali kumanda, nkhalamba imayamba kuopa aliyense.

Bodza limene ndidanena

Ndisadziyeretse. Usiku wina wa mvula, cha m'ma 2 koloko, ndidapeza mayi atamanga kamtolo m'chitenje, akulimbana ndi chitseko. Ati akupita ku M1 kukachingamira basi ya ku Joni. Ndidayesa nkhani ya mango, ndidayesa nyimbo, ndidayesa tiyi, osatheka. Adayamba kundikankha. Ndiye ndidati, "Basi yachedwa, amayi, ifika mawa." Adamasula kamtolo n'kugona. M'mawa adali ataiwala.

Osamalira okalamba kwina amachitanso zotere. Ku Düsseldorf ku Germany, nyumba ina yosungira okalamba idaika siteji ya basi yabodza pakhomo, kuti wofuna kuthawira kwawo akhale pabenchi kudikira basi yosabwera mpaka mtima utatsika, kenako antchito amuitanire khofi. Ku Netherlands kuli Hogeweyk, imene idatsegulidwa mu 2009, yomangidwa ngati kamudzi kokhala ndi sitolo ndi malo odyera, kuti odwala dementia azikhala ngati ali kwawo. Ena amayamikira njira zimenezi, ena amati n'kunyenga odwala.

Ine bodza langa la usiku uja ndimaliwerenga ngati ngongole. Ndidawalanda mayi kanthu kakang'ono, kuti ndisawatole m'ngalande m'mawa, ndipo zitachitikanso ndidzateronso. Koma lidali la usiku umodzi, lidatha ndi mdimawo. Foni ija ikadakhala nyumba yomanga ndi njerwa, yofuna kuikonza sabata ndi sabata, bodza lililonse likufuna linzake: ndalama watumiza liti, ana ali bwanji, bwanji sukubwera. Musananene lanu, dzifunseni kuti likuteteza ndani. Nditadzifunsa moona mtima za foniyo, ndidapeza kuti theka la kukoma kwake kudali kutopa kwanga. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 m'mawa, masana kumunda, madzulo maliro. Ndinkafuna Lamulungu limodzi lopuma. Kutopa kumeneko n'koona ndipo si tchimo, koma mankhwala ake adapezeka kwina: achemwali amatenga Lachiwiri ndi Lachisanu, amayi awiri a Chigwirizano amabwera Lachinayi madzulo, ndipo Loweruka amuna anga ndiwo amakhala pakhonde, ine ndimapita kukagona kwa anansi ngakhale ola limodzi.

Mwana wanga sadagonje kwathunthu, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Dzulo anali pompano pamene ndinkawamvetsera mayi uthenga wa pa Khirisimasi. Alongo anga m'menemo amafunsa kuti, "Amayi, mwadya?" Mayi adaweramira ku foni n'kuyankha kuti, "Ndadya, mwanangu, nsima ya nyemba." Mnyamatayo adandiyang'ana, n'kunong'ona kuti, "Nanga apa sakuyankhula ndi makina?" Ndidamuuza kuti funsolo adafunsa ndi amalume ake, ndi pakamwa pawo, akuganiza za mayi awo, kungoti yankho lachedwa. Adakweza mapewa, sadakhutire.

Uthenga utatha mayi adakhala chete, dzanja lili pa lichero. Kenako adati, "Mawu ake ngotopa. Ankagwira ntchito kwambiri mwana uja." Adatero ndithu, ankagwira. Adasankha nyemba zina ziwiri zofumbwa n'kuponyera nkhuku, n'kundifunsa ngati mbuzi zalowa m'khola.